Mwana wanga analumidwa ndi nkhupakupa, koma magazi sanaonetse kanthu: kodi ndimusiyitse mankhwala?

"Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 anayamba kutentha thupi kwambiri, mutu ukumupweteka, akusanza, akudandaulanso m'mimba. Kuchipatala choyamba anamuyeza malungo osawapeza, n'kutipatsa amoxicillin. Sanasinthe. Tsiku lachinayi ndinaona timadontho m'mikono ndi mu akakolo, ndipo m'pamene ndinakumbukira kuti sabata yam'mbuyo mwake ndinamuchotsa nkhupakupa kuseri kwa khutu, pakuti amakonda kusewera ndi agalu athu. Adokotala ena atamva zimenezi anamutenga magazi n'kumuyambitsa doxycycline tsiku lomwelo. Lero ndi tsiku lachitatu akumwa, thupi lazizira, wayambanso kudya. Koma zotsatira za magazi zabwera zonena kuti alibe matenda a nkhupakupa, ndipo alamu anga akuti mankhwalawa amawononga mano a ana osakwana zaka 8. Kodi ndimusiyitse? Nanga mlongo wake wamng'ono, amene amasewera ndi agalu omwewo, ndimupatseko?"

Mayi, musamusiyitse. Mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa zimene mwalembazi ndi zimene timapempherera kuona: mwana amene anatentha thupi masiku anayi, n'kuzizira pasanathe masiku awiri kapena atatu atayamba doxycycline, ndiye kuti mankhwalawo agwa pa nthenda yake yeniyeni. Adokotala achiwiriwo anachita bwino kwambiri posadikira zotsatira, ndipo pepala la ku labotale limene lakusokonezanilo silikutsutsa zimene anachita. Ndikufotokozerani bwinobwino, kuti mukamamwetsa mwanayo madzulo ano musamwetse ndi mtima wokayika.

Nkhupakupa zimanyamula tizilombo ta mitundu yambiri, koma zizindikiro za mwana wanu zikuloza ku mabakiteriya a gulu la Rickettsia. Woopsa kwambiri pagululi ndi Rickettsia rickettsii, amene amayambitsa nthenda yotchedwa Rocky Mountain spotted fever. Mu 1906 dokotala wina wa ku America, Howard Ricketts, anasonyeza kuti nthenda imene inkapha anthu m'chigwa cha Bitterroot ku Montana inkabwera ndi nkhupakupa. Masiku ano nthendayi imapezeka m'madera ambiri a United States, ku Mexico, ku Brazil, ku Colombia ndi m'mayiko ena a kumeneko. M'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, m'mbali zambiri za Africa ndi ku India muli Rickettsia conorii, amene amayenda ndi nkhupakupa zofiirira za agalu, ndipo nayenso nthawi zina amapha, makamaka okalamba ndi odwala matenda ena. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kulinso Rickettsia africae, wochokera ku nkhupakupa za ng'ombe ndi nyama zakutchire. Ameneyu amadwalitsa ndithu koma kawirikawiri sapha. M'kalata yanu simunatchule dziko limene mukukhala, koma zimenezo sizisintha yankho langa. M'sabata yoyamba palibe dokotala amene angatsimikize ndi maso okha kuti wodwala wagwidwa ndi uti mwa amenewa, ndipo mankhwala a onsewo ndi amodzi.

Chimene chimachititsa nthendayi kukhala yoopsa ndi malo amene kachilomboka kamasankha. Sikamangoyandama m'magazi. Kamalowa m'maselo amene amakuta mkati mwa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, n'kumaswana mmenemo. Timitsemphato timatupa ndi kuyamba kudontha ngati payipi yobookabooka, ndipo popeza timitsempha tili paliponse m'thupi, kuwonongekako kumakhalanso paliponse. Pakhungu kumaoneka ngati timadontho. M'mapapo kumadzaza madzi. Impso zimasiya kupanga mkodzo, ubongo umatupa, magazi amasiya kufika ku zala. Tsiku lililonse limene wodwala wakhala opanda mankhwala oyenera, timitsempha tambiri timakhala tawonongeka. Maantibayotiki asanabwere, nthenda ya Rocky Mountain inkapha munthu mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse, m'madera ena kuposa pamenepo, ndipo imatha kupha munthu amene anali wathanzi pasanathe masiku 8 chiyambire kudwala. Amene ayamba doxycycline m'masiku 5 oyamba ambiri amachira bwinobwino. Mwana wanu anayamba pa tsiku lachinayi.

Sindikufuna kuti muwasungire chakukhosi a kuchipatala choyamba. Masiku atatu oyamba nthendayi imafanana ndi matenda ena ambiri: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, kusanza, kupweteka m'mimba. Ana ena amaganiziridwa taifodi, ena chikuku, ena mpaka kuganiziridwa matenda a m'mimba ofunika opaleshoni. Mabuku amatchula zinthu zitatu, kutentha thupi, zidzolo ndi kulumidwa ndi nkhupakupa, koma pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndi odwala ochepa kwambiri amene anabwera ulendo woyamba ali ndi zitatu zonsezi. Zidzolo zimachedwa, zimatuluka patatha masiku awiri mpaka anayi thupi litayamba kutentha. Odwala oposa theka amakhala asanatuluke kanthu m'masiku atatu oyamba, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 10 satuluka n'komwe. Zikamatuluka zimayambira m'mikono pafupi ndi zikhatho ndi mu akakolo, monga munaonera inu, kenaka zimafalikira ku thupi lonse, nthawi zambiri mpaka m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Pakhungu lakuda timadontho toyambirira timabisala kwambiri. N'chifukwa chake ndimamutengera wodwala poyera, pamene pali kuwala kwa dzuwa, n'kuyang'ana m'zikhatho ndi kumapazi, kwinaku ndikusisita khungu ndi zala kuti ndimve ngati pali totupa timene maso sakutiona.

Nayo nkhupakupa siluma mopweteka. Odwala pafupifupi theka sakumbukira kuti analumidwapo, makamaka ikakhala yaing'ono imene sinakhwime, yochepa ngati kadontho. Nthendayi imayamba patatha masiku 3 mpaka 12 munthu atalumidwa, nthawi yokwanira kuti aiwale. Inu munakumbukira, munanenanso, ndipo mawu amenewo ndi amene anathandiza adokotala kuposa china chilichonse. Chinanso chimene timafunafuna ndi kachilonda ka nkhanambo yakuda, kozunguliridwa ndi khungu lofiira, pamalo amene nkhupakupa inaluma. Kamapezeka kawirikawiri kwa odwala conorii ndi africae, ndipo kwa a africae timatha kukhala tingapo, limodzi ndi mwanabere pafupi pake. Kwa odwala Rocky Mountain sikaonekaoneka. Kamakonda malo obisika: m'mutu, kuseri kwa khutu, m'khwapa, m'chiuno modutsa lamba, m'mphechepeche. Wodwala akapanda kuvulidwa zovala sikapezeka.

Ndingopatukako pang'ono pa za malungo, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amatayira masiku. Kuyeza malungo kunali koyenera, ndipo kuyenera kuchitika kwa aliyense wotentha thupi amene amakhala kapena anapita kudera la malungo. Koma akapanda kupezeka, funso loti nanga n'chiyani limakhala lidakalipo. Ndipo ngakhale atapezeka, munthu amene wamwa mankhwala a malungo masiku awiri osasintha ayenera kuonedwanso, pakuti matenda awiri amatha kukhala m'thupi limodzi.

Tsopano pepala lija. Afunseni adokotala kuti anayeza chiyani, koma ndikukhulupirira kuti anayeza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboka, osati kachilombo kenikeniko. Thupi limatenga masiku 7 mpaka 10, nthawi zina kuposerapo, kuti lipange asilikali okwanira kuoneka pa makina. Magazi a mwana wanu anatengedwa pa tsiku lachinayi. Akanakhala kuti akudwala nthendayi modetsa nkhawa chotani, magaziwo akanaonetsabe kuti alibe. Kuyeza kumeneku kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha magazi atatengedwa kawiri: koyamba m'sabata yoyamba, kachiwiri patatha masabata awiri mpaka anayi. Asilikali akapezeka kuti achuluka kanayi kapena kuposa, timatsimikiza kuti inali nthendayi. Mwaona kuti chitsimikizocho chimabwera wodwala atachira kale. Chimathandiza kudziwa chimene chinachitika ndi kuchenjeza anthu ena a m'deralo, koma sichingatiuze chochita pa tsiku lachinayi. Ndiponso zotsatira za ulendo umodzi zikanena kuti asilikali alipo, sizitsimikiza kuti munthu akudwala nthendayi lero, chifukwa asilikaliwo amakhalitsa miyezi kapena zaka munthu atadwalapo kale.

Pali njira ina yotchedwa PCR, imene imafufuza kachilombo kenikeniko. Ikapeza, timaikhulupirira. Ikapanda kupeza m'magazi, sitimasuka, pachifukwa chomwe chija chakuti kachilomboka kamabisala m'makoma a mitsempha ndipo m'magazi kamakhala kochepa, makamaka nthenda isanakule. PCR imagwira bwino pa kachidutswa ka khungu kotengedwa pa chidzolo, kapena pa thonje lopaka pa kachilonda kakuda kaja. Malabotale ena akugwiritsabe ntchito njira yakale ya Weil-Felix, imene imalakwitsa mbali zonse ziwiri, ndipo ine sindisintha mankhwala a wodwala chifukwa cha iyo. Zimene zimatithandizako msanga ndi kuyeza wamba: timaselo tothandiza magazi kuundana tikatsika, mchere wa sodium ukatsika, chiwindi chikasonyeza kuvutika, pamene maselo oyera a magazi ali pamlingo wake, maganizo athu amalimba. Koma nazonso zimatha kukhala bwinobwino m'masiku oyamba. Lamulo limene madokotala odziwa nthendayi amatsatira ndi lakuti ukaiganizira, yamba mankhwala lero, tenga magazi, ndipo usasiye mankhwala chifukwa cha zotsatira zoyamba.

Amoxicillin sanagwire chifukwa mankhwala a gulu la penicillin alibe mphamvu pa kachilomboka, chimodzimodzinso ceftriaxone ndi anzake. Cotrimoxazole, amene ambiri amamudziwa kuti Bactrim, ndi mankhwala ena a sulfa amatha kukulitsa nthendayi. Chloramphenicol amagwirako ntchito, koma odwala Rocky Mountain amene anapatsidwa ameneyu anafa ochuluka kuposa amene anapatsidwa doxycycline, choncho timamusungira pamene palibiretu njira ina. Ngati wina angakuuzeni kuti musinthire mwanayo ku antibayotiki "wofatsa", dziwani kuti pa nthenda imeneyi palibe wina wofanana ndi amene akumwayo.

Za mano, alamu anu sanapeke. Akubwereza zimene madokotala ndi anamwino ambiri anaphunzitsidwa kusukulu. Tetracycline wakale, amene ankaperekedwa kwa ana mobwerezabwereza m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ankamatirira ku calcium wa m'mano amene akukula, n'kuwasiya achikasu kapena otuwa moyo wonse. Doxycycline anabwera mu 1967, ndipo popeza ndi wa banja lomwelo, anangotengera chenjezo la mkulu wake, ngakhale kuti iye samatirira kwambiri ku calcium. Mu 2015 akatswiri a mabungwe awiri a zaumoyo a boma la America, CDC ndi Indian Health Service, anatulutsa kafukufuku amene anachitika kudera kumene nthendayi inali yofala. Madokotala a mano anayang'ana ana 58 amene anamwapo doxycycline asanakwane zaka 8, n'kuwayerekeza ndi ana 213 amene sanamwepo. Sanapeze kusiyana, kaya pa mtundu wa mano kapena pa kulimba kwake. Lero CDC ndi bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics amanena momveka kuti doxycycline ndiye mankhwala oyamba a nthendayi kwa munthu wa msinkhu uliwonse.

Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa mantha a mano atayitsa miyoyo ya ana. Ku America anapeza kuti ana osakwana zaka 10 amafa ndi nthenda ya Rocky Mountain kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi akuluakulu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti opereka mankhwala amazengereza kuwapatsa doxycycline. Awuzeni alamu anuwo mwaulemu, pakuti akunena chifukwa chokonda mwanayo, kuti masiku ochepa a mankhwalawa sadetsa mano, pamene nthenda yosiyidwa panjira imatha kusiya mwana wosamva, wopuwala, kapena wodulidwa zala.

Pa kamwedwe kake, tsatirani zimene adokotala analemba, koma ndi bwino mudziwe mmene timawerengera. Mwana wosakwana makilogalamu 45 amalandira mamiligalamu 2.2 pa kilogalamu iliyonse, kawiri pa tsiku, kotero mwana wa makilogalamu 20 amamwa pafupifupi mamiligalamu 44 m'mawa ndi enanso 44 madzulo. Wamkulu amamwa mamiligalamu 100 kawiri pa tsiku. Mankhwala amapitirira kwa masiku osachepera atatu thupi litazizira, ndipo onse pamodzi asachepere masiku 5 mpaka 7. Amene anadwala kwambiri amamwa nthawi yotalikirapo. Ngati mankhwala amene munapatsidwa atha masiku atatuwo asanakwane, bwererani mukatenge ena, musangoti basi wachira.

Amwere madzi ambiri ali chikhalire kapena chiimire, ndipo asagone kwa mphindi 30, chifukwa piritsi likaima pammero limatha kuyambitsa chilonda. Likamamuchititsa mseru, amwe atadya kachakudya pang'ono. Mkaka, mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira zitalikirane ndi doxycycline ndi maola awiri, pakuti zimalepheretsa mankhwala kulowa bwino m'thupi. Khungu limapsa msanga ndi dzuwa munthu akamamwa mankhwalawa, ndiye asewere pamthunzi masiku amenewa. Mutu ukamamupweteka mupatseni paracetamol. Aspirin ayi, ndipo ibuprofen musamupatse adokotala asanavomereze, chifukwa nthendayi imatha kuchepetsa timaselo toundanitsa magazi tija. Akasanza atangomwa, imbani kapena pitani mukafunse ngati abwereze. Akamasanza ulendo uliwonse, ayenera kugonekedwa kuti alandire mankhwala kudzera m'diripi.

Pali zinthu zimene mukaziona musadikire kuti kuche. Thupi likatenthanso litazizira kale. Akamagona kwambiri osadzutsika bwino, akamalankhula zosokonekera, akakomoka kapena kuuma khosi. Akamapuma mwabefu, akamakodza pang'ono kwambiri, akatupa nkhope kapena mapazi, akamatuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, zala zikayamba kuda ndi kuzizira. Timadontho tija muziteyesa pokanikizapo galasi loonekera mkati: toyambirira timazimirira tikakanikizidwa, koma tikasanduka takuda kapena tofiirira tosazimirira, ndiye kuti magazi akutuluka m'mitsempha. Timadontho totero timaonekanso pa matenda oumitsa khosi a meningococcus, amene amapha m'maola ochepa, ndipo wodwala akafika choncho timapereka ceftriaxone ndi doxycycline pamodzi mpaka titadziwa. Ngati mukudziwa kuti mwanayo ali ndi vuto lobadwa nalo la kuchepa kwa G6PD, chinthu chimene chimateteza maselo ofiira a magazi, awuzeni adokotala, chifukwa kwa anthu otere nthendayi imatha kuthamanga kwambiri. Okalamba, omwa mowa kwambiri ndi amene chitetezo chawo n'chofooka nawonso timawayang'anira mwapadera. Mayi woyembekezera akaganiziridwa nthendayi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pamene moyo uli pangozi, madokotala amaperekabe doxycycline kwa masiku ochepa ngakhale kwa woyembekezera.

Thupi likadzatenthanso patatha sabata mwana atachira, n'kuzizira, n'kutenthanso, kaganizireni za nkhufi, zija zimabisala m'ming'alu ya makoma n'kumaluma usiku. Zimafalitsa bakiteriya wina, Borrelia, amene amaoneka pa maikulosikopu magazi akatengedwa thupi lili lotentha. Nayenso amamva doxycycline, koma mlingo woyamba uyenera kumwedwa pamaso pa achipatala, chifukwa wodwala amatha kunjenjemera ndi kufooka kwambiri m'maola oyamba.

Mlongo wakeyo musamupatse. Nthendayi sipatsirana pakati pa anthu, kaya pogona limodzi kapena podyera mbale imodzi, ndipo kumwetsa mankhwala munthu amene sakudwala sikunasonyezedwe kuti kumateteza. Mukamugawirako mungochepetsa mankhwala a amene akudwala. Komabe nkhawa yanu ili ndi maziko, pakuti anthu a banja limodzi amatha kudwala motsatizana chifukwa cholumidwa ndi nkhupakupa za pamalo amodzi. Kwa masabata awiri akubwerawa muzimuyang'ana thupi lonse madzulo aliwonse, m'mutu ndi kuseri kwa makutu momwe. Akangotentha thupi, iye kapena wina aliyense wa pakhomopo, pitani naye tsiku lomwelo, ndipo mawu anu oyamba akhale akuti mchimwene wake akulandira mankhwala a matenda a nkhupakupa. Musadikire timadontho. Katemera wa nthendayi kulibe.

Agalu aonedwe ndi dokotala wa ziweto sabata ino. Nkhupakupa zofiirira za agalu n'zosiyana ndi zinzake chifukwa zimatha kukhala ndi kuswana pakhomo penipeni, m'ming'alu ya makoma, mogona agalu, pansi pa katundu wounjikidwa. Ndi zimenezi zimene zinabweretsa miliri ya nthenda ya Rocky Mountain ku Arizona ndi kumpoto kwa Mexico kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo kumeneko nkhupakupa zinachepa kwambiri pamene anthu anaveka agalu makolala a mankhwala ndi kupopera m'makomo. Kusambitsa galu kokha osasamala pamene amagona sikukwanira. Agalu nawonso amadwala nthendayi, nthawi zina anthu asanayambe, choncho galu wofooka, wosadya, pakhomo pamene pali nkhupakupa zambiri ndi chenjezo. Ngati muli ndi mphaka, nenani, chifukwa permethrin amene ali m'mankhwala ambiri a agalu amapha amphaka.

Mukadzapezanso nkhupakupa pathupi pa mwana, ichotseni nthawi yomweyo, pakuti ikakhalitsa mpata wopatsira kachilombo umakula. Igwireni ndi kachitsulo kopanira kosongoka, pafupi kwambiri ndi khungu, n'kuikoka pang'onopang'ono molunjika osaipotokola. Musaiwotche ndi machesi, musaipake mafuta kapena palafini, ndipo musaiphwanye ndi zala, chifukwa madzi a m'thupi mwake amatha kukhala ndi kachilomboka. Tsukani pamalopo ndi m'manja mwanu ndi sopo, kenaka lembani tsiku ndi malo a pathupi pamene inaluma, kuti wina akadzatentha thupi mudzakhale ndi chowauza adokotala. Ndipo mukapita kukaonetsa mwana wanu akamaliza mankhwala, pemphani tsiku lodzatenga magazi achiwiri aja, pakati pa masabata awiri ndi anayi kuchokera pamene anatenga oyamba. Nthawi zina mwana amene anayamba mankhwala msanga sapanga asilikali ambiri, kotero ngakhale achiwiriwo atapanda kuonetsa kanthu, sizitanthauza kuti munamwetsa mwana mankhwala pachabe.